KUTCHINGA MIPATA YA MUUMBI M'ZINENERO ZA KOMPYUTA: Vuto la Matanthauzo ndi Kasankhidwe ka Mau a Chichewa

1.0 MAU OYAMBA

M'pepala lino tifuna kufotokoza kachigawo kamodzi ka galamala wa zinenero zolembera mapulogalamu a kompyuta, ndiko kuti, njira imene wolemba amatchingira kapena kutsekulira zinthu zimene zimaperekedwa pamene chinthu chatsopano chikuumbidwa m'pulogalamu. Nkhaniyi ingaoneke ngati ya akatswiri a makina okha, koma ife tikuiona kuti ikukhudzanso akatswiri a zinenero ndi onse amene ali ndi udindo wokonza mau atsopano. Mau atatu a Chingerezi amene amalamulira nkhaniyi, private, protected ndi public, ali ndi matanthauzo ena m'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku, ndipo munthu amene angawamasulire potsata dikishonale adzasokeretsa ophunzira. Mfundo yathu ndi yakuti m'zinenero za kompyuta mau amenewa amanena za malo, ndipo kuti Chichewa chiri nazo kale zipangizo zonenera malo m'magulu ake a maina a Pa-, Ku- ndi Mu-.

Zitsanzo zathu taziika ku Chitimba, m'boma la Rumphi, pamene mseu wochokera ku Mzuzu kupita ku Karonga umayenda m'mphepete mwa nyanja ya Malaŵi. Tasankha malowa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, funso la mau a ntchito zaumisiri ndi lakale m'derali. Pa Chitimba, pamene Azungu ankati Florence Bay, ndi pamene pamayambira mseu wokhotakhota wokwera ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia m'chaka cha 1894. Sukulu ya Overtoun imene inamangidwa kumeneko inkaphunzitsa ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza matelegalamu, ndipo m'chaka cha 2003 paphiri lomwelo panatsekulidwa Yunivesite ya Livingstonia. Chachiwiri, anthu a ku Chitimba amayankhula Chitumbuka, kotero kuti mau ali onse amene tingapereke ayenera kuyesedwa ngati angathe kuoloka kupita m'chinenero china cha dziko lino.

Tiyerekeze tsono kuti asodzi a usipa a padoko la Chitimba ali ndi thumba la ndalama limene amakongozana pogula mafuta ndi pokonza chilimira, ndipo apempha wophunzira wina kuti awalembere pulogalamu yosunga dzina la bwato liri lonse ndi ngongole yake. Zitsanzo zonse za m'pepala lino zichokera m'pulogalamu yongoyerekezayi. Tazilemba m'chinenero cha Scala, chimene Martin Odersky anakonza ku Lausanne m'dziko la Switzerland ndipo chinatulutsidwa m'chaka cha 2004, chifukwa m'chinenero chimenechi zonse zimene tikufuna kuonetsa zimalembedwa pamzere umodzi.

2.0 MAU ANAI OYAMBIRA

2.1 Chikombole ndi choumbidwa

M'chaka cha 1967 Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard a ku Oslo m'dziko la Norway anatulutsa chinenero cha Simula 67, chimene chinabweretsa ganizo limene m'Chingerezi amati class. Ambiri angafulumire kumasulira liu limeneli kuti gulu, koma ife tikukana. Kwa ife a galamala, gulu ndi msonkhano wa maina amene alipo kale, monga gulu la Mu-Mi kapena la Chi-Zi. Timayamba taona maina, kenaka timawasanja potsata agwirizanitsi ao. M'pulogalamu ntchito imayenda mobwerera. Wolemba amayamba wafotokoza maonekedwe ndi machitidwe a chinthu chimene sichinakhalepo, ndipo pambuyo pake amatulutsa zinthu zambiri za maonekedwe omwewo. Woumba njerwa amachita chimodzimodzi: amakhoma chikombole kamodzi, ndipo m'chikombolemo mumatuluka njerwa mazanamazana. Motero class tidzaitcha chikombole, ndipo chinthu chotuluka m'chikombolemo, chimene amati object, tidzachitcha choumbidwa.

2.2 Muumbi ndi mipata yake

Chikombole chiri chonse chiri ndi kachigawo kamene kamagwira ntchito pa nthawi imene choumbidwa chatsopano chikupangidwa. Kachigawoka amati constructor, ndipo ife tidzati muumbi. Muumbi amafuna kupatsidwa zinthu zina kuti ntchito yake itheke, monga momwe mneni amafunira maina kuti chiganizo chimveke. Taonani ziganizo izi, zimene chachiwiri tachiika nyenyezi monga mwa mwambo wathu posonyeza kuti nchosavomerezeka:

(1) Msodzi anapatsa mwana usipa.
(2) *Msodzi anapatsa.

Mneni -patsa ali ndi malo a wopatsa, a wolandira ndi a chinthu choperekedwa, ndipo malo ena akasiyidwa opanda kanthu womvera amadikirabe. Malo otere a muumbi amati parameter. Ife tidzati mpata. Chinthu chenicheni chimene chimaikidwa mumpatamo tidzachitcha choikamo. Chikombole cha bwato chingalembedwe motere:

(3) class Bwato(dzina: String, ngongole: Int)
(4) val b = new Bwato("Tiyezge", 50000)
(5) *val b = new Bwato("Tiyezge")

Mu (3) muli mipata iwiri: dzina, umene umalandira mau, ndi ngongole, umene umalandira nambala yathunthu. Mu (4) taumba bwato lotchedwa Tiyezge la ngongole ya K50,000, ndipo talipatsa chizindikiro b kuti tizilitchula nacho. Mzere (5) ukufanana ndi chiganizo (2). Kompaila, pulogalamu imene imawerenga zolemba zathu ndi kuzisandutsa malamulo a makina, imaukana chifukwa mpata umodzi watsala wosadzaza. Nyenyezi ya pa (5) ndi yathu, siilembedwa m'pulogalamu.

3.0 MAFUNSO ATATU A PAMPATA

Muumbi akatsiriza ntchito yake, choikamo chija chimapita kuti? Funso limeneli likugawika patatu: ndani angachione, ndani angachisinthe, ndipo ndani ali ndi chilolezo choitana muumbiyo. Ophunzira ambiri amasakaniza mafunso atatuwa, ndipo mau oipa amakuza chisokonezocho.

3.1 Ndani angaone?

Tikatsata chikombole (3), mbali ina ya pulogalamu imene ikufuna kusindikiza maina a mabwato siingathe kutero:

(6) *b.dzina

Kompaila imakana (6) chifukwa mpata umene walembedwa wopanda liu lina patsogolo pake umadziwika m'kati mwa chikombole mokha. Kuti choikamo chioneke kunja, wolemba amaonjezera liu lakuti val:

(7) class Bwato(val dzina: String, val ngongole: Int)

Tsopano (6) ndi wovomerezeka. Liu la zilembo zitatu lachita ntchito ziwiri nthawi imodzi: lasandutsa mpata kukhala chiwalo chokhalitsa cha choumbidwa, ndiponso latsekula chiwalocho kuti mbali ina iri yonse ya pulogalamu ichiwerenge.

3.2 Ndani angasinthe?

Dzina la bwato silisintha kawirikawiri, koma ngongole iyenera kutsika pamene mwini bwato akubweza. Liu lakuti val limaletsa kuika chinthu china m'malo mwa chimene chinaikidwa poyamba, kotero kuti (7) sichingathandize asodzi athu. Wophunzira wofulumira amasintha val kukhala var, liu limene limalola kusintha:

(8) class Bwato(val dzina: String, var ngongole: Int)
(9) b.ngongole = 0
(10) b.ngongole = -7000

Kompaila imavomereza (9) ndi (10) popanda kufunsa. Apa ndi pamene pagona vuto. Mzere wina uli wonse, kuli konse m'pulogalamu, ungathe kufafaniza ngongole ya K50,000, kapena kuisandutsa nambala yoperewera pa ziro, imene ingatanthauze kuti thumba ndilo liri ndi ngongole kwa mwini bwato. Sipafunika wakuba kuti zimenezi zichitike. Kuphonya kwa chala kwa mlembi wachiwiri, amene wabwera patapita chaka kudzaonjezera kachigawo kena, nkokwanira. Tsiku lowerengera ndalama likafika, asodzi adzapeza kuti thumba laperewera, ndipo wofufuza adzayenera kuwerenga pulogalamu yonse kuti apeze mzere wolakwawo.

David Parnas, m'nkhani imene inasindikizidwa m'magazini ya Communications of the ACM m'chaka cha 1972, anaonetsa kuti pulogalamu yaikulu imasamalika bwino ngati chigawo chiri chonse chisunga m'kati mwake kapangidwe kake, nkumaonetsa kunja zokhazo zimene zigawo zina zikufuna. Potsata langizo limeneli tilemba motere:

(11)
class Bwato(val dzina: String, private var ngongole: Int) {
  def yotsala: Int = ngongole
  def bweza(ndalama: Int): Unit = {
    require(ndalama > 0 && ndalama <= ngongole)
    ngongole = ngongole - ndalama
  }
}

Liu lakuti private latseka mpata wa ngongole, kotero kuti (9) ndi (10) tsopano ndi zokanidwa. Wakunja wasiyiridwa makomo awiri. Khomo la yotsala limamuuza ndalama zimene zatsala koma silimulola kuzikhudza. Khomo la bweza limachotsera ngongole, koma limayamba layesa ngati ndalama zobwezedwazo zikupitirira ziro ndiponso sizikuposa ngongoleyo. Ngongole ikadzalakwika, wofufuza adzawerenga mizere isanu ndi iwiri yokha.

Tiyenera kuchenjeza pano kuti val saumitsa chinthu chonse. Tikaika m'chikombole mpata wa val wosunga mndandanda wa asodzi a m'bwatomo, ndipo mndandandawo nkukhala wa mtundu wolola kuonjezera ndi kuchotsa, wakunja sangathe kubweretsa mndandanda wina, koma angathe kufafaniza dzina la munthu mumndandanda womwewo. Dengu ndi lomwelo, koma nsomba za m'kati mwake zasintha. Liu la Chichewa limene tingasankhe liyenera kunena za kukhazikika kwa malo a chinthu, osalonjeza kuti za m'kati mwake sizingakhudzidwe.

3.3 Ndani angaumbe?

Chikombole (11) chiri ndi chiboo chimodzi chotsala. Munthu angathe kuumba bwato latsopano ndi ngongole ya -7000 kuyambira pachiyambi, pakuti private wa pampata amatseka kuona ndi kusintha kwa pambuyo, koma saletsa kupereka choikamo pa nthawi youmba. Njira imodzi yotsekera chiboochi ndi kuika private pa muumbi mwini wake:

(12)
class Bwato private (val dzina: String, private var ngongole: Int)

object Bwato {
  def lembetsa(dzina: String, ngongole: Int): Option[Bwato] =
    if (ngongole >= 0) Some(new Bwato(dzina, ngongole)) else None
}

Mu (12) liu lomwelo laoneka kawiri pamzere woyamba, ndipo tanthauzo lake likudalira pamene laima. Loyamba, limene laima pakati pa dzina la chikombole ndi mipata, likuletsa wakunja kulemba (4). Lachiwiri likutseka mpata umodzi wokha. Wofuna bwato latsopano ayenera kudzera pa lembetsa, amene ali m'choumbidwa chapadera chotenga dzina la chikombolecho. Scala imalola awiriwa kuonerana za m'kati. Ngongole ikakhala yosayenera, lembetsa amabweza None, ndiko kuti palibe bwato limene laumbidwa.

4.0 MPATA WOPANDA CHIZINDIKIRO

Akatswiri a zinenero za Bantu amadziwa kuti kusowa kwa mphatikiri kumakhalanso ndi tanthauzo. Maina monga galu ndi tsiku alibe mphatikiri wooneka wa gulu lao, komabe agwirizanitsi amaulula kuti galu ali m'gulu lina ndipo tsiku liri m'gulu lina. Zinenero za kompyuta nazonso zimapereka tanthauzo ku malo amene wolemba sanalembepo kanthu, ndipo sizigwirizana pa tanthauzolo.

Mu Simula 67 mipata ya chikombole inkaoneka kunja popanda kulemba liu lina. Mu C++, chinenero chimene Bjarne Stroustrup anayamba kukonza ku Bell Labs m'chaka cha 1979 ndipo chinalandira dzina lake m'chaka cha 1983, chiwalo cha chikombole cholembedwa ndi liu lakuti class chimakhala chotsekeka ngati wolemba sananene kanthu. Mu Java, chimene kampani ya Sun Microsystems inatulutsa m'chaka cha 1995, chiwalo chopanda chizindikiro chimaoneka kwa zikombole zonse za m'phukusi limodzi, koma osati kunja kwa phukusilo. Mu Scala chiwalo cholembedwa m'thupi la chikombole popanda chizindikiro ndi chotsekuka kwa onse, pamene mpata wa muumbi wopanda val kapena var ndi wotsekeka, monga taona mu (6). Komabe wolemba akaika liu lakuti case patsogolo pa class, mipata yomwe ija imatsekuka yonse ngati kuti analemba val.

Kotlin, chinenero cha kampani ya JetBrains chimene mtundu wake woyamba wokhazikika unatuluka m'chaka cha 2016, chimalemba muumbi mofanana kwambiri ndi Scala, koma pali kusiyana kumodzi kobisika. Mu Kotlin mpata wopanda val kapena var umagwiritsidwa ntchito pa nthawi youmba yokha. Ntchito za chikombole zimene zimaitanidwa pambuyo pake sizingautchule. Mu Scala ntchito zotere zingautchule, ndipo kompaila imasunga choikamocho mwakachetechete m'choumbidwa chiri chonse. Mizere iwiri yooneka chimodzimodzi ikunena zinthu ziwiri.

Phunziro la ife okonza mau ndi lakuti sitingamange mau athu pa kalembedwe ka chinenero chimodzi. Wophunzira amene wayamba ndi Java chaka chino angakumane ndi Kotlin chaka chamawa. Chimene adzanyamula kuchoka ku chinenero china kupita ku chinzake ndi mafunso atatu a mu 3.0, ndipo mau a Chichewa ayenera kutchula mayankho a mafunsowo.

5.0 KULEPHERA KWA KUMASULIRA KWA DIKISHONALE

5.1 Private

Womasulira angaganize za mau awiri. Loyamba ndi lobwereka, pulaiveti, limene linalowa kale m'Chichewa ndi tanthauzo la sukulu kapena chipatala chimene sichiri cha boma. Tanthauzo limeneli likunena za mwini chinthu, ndipo mu (11) mulibe nkhani ya umwini. Lachiwiri ndi chinsinsi, ndipo limeneli ndilo loopsa. Chinsinsi ndi nkhani imene anthu ena sayenera kuidziwa. Koma private sabisira munthu kanthu. Ali yense wotsekula pulogalamu adzawerenga (11) ndi kuona mpata wa ngongole. Ali yense wotsekula malo osungira adzaona nambala yake. Chimene chaletsedwa ndi chakuti mzere wolembedwa kunja kwa chikombole utchule mpatawo. Mu TypeScript, chinenero chimene Microsoft inatulutsa m'chaka cha 2012, liu lakuti private limayesedwa ndi kompaila kenaka limafafanizidwa, ndipo pulogalamu ikamayenda mulibenso chotchinga. Mu Python, chimene Guido van Rossum anatulutsa m'chaka cha 1991, mulibe liu lotere. Olemba amangoika kamzere kapansi patsogolo pa dzina posonyeza anzao kuti asalikhudze. Wophunzira amene waphunzitsidwa kuti private ndi chinsinsi adzaika nambala yachinsinsi ya msungichuma mumpata wotere, nkumakhulupirira kuti waiteteza kwa akuba, pamene sanaiteteze konse.

Pali umboni wina wakuti nkhaniyi ndi ya malo. Mu Java, mu Kotlin ndi mu Scala, bwato limodzi lingathe kuwerenga ngongole ya private ya bwato linzake, malinga ngati mzere wowerengawo walembedwa m'kati mwa chikombole cha Bwato. Malire ali pachikombole, osati pa choumbidwa. Scala 2 inali ndi chizindikiro chapadera, private[this], chotsekera chinthu ku choumbidwa chimodzi chokha, monga kusiyana kwa chathu ndi changa. Mu Scala 3, imene inatuluka m'chaka cha 2021, olemba analangizidwa kuchisiya, pakuti kompaila imazindikira yokha pamene chikufunika.

5.2 Protected

Dikishonale idzatipatsa chotetezedwa, ndipo wophunzira adzaganiza kuti limeneli ndilo khomo lolimba koposa onse. Zoona zake nzosiyana: protected ndi wotsekuka kuposa private. Chikombole chingathe kusemedwa kuchokera ku chinzake, nkutenga ziwalo zake zonse ndi kuonjezera zina. Mwachitsanzo, kuchokera ku Bwato tingaseme BwatoLaInjini, limene liri ndi mpata woonjezera wa mafuta. Mpata wa private suoneka kwa chikombole chatsopanocho, pamene wa protected umaoneka. Mu Java umaonekanso kwa zikombole zonse za m'phukusi lomwelo, zimene Scala siilola. Tanthauzo lake tsono ndi la ubale wa zikombole.

5.3 Public

Liu limeneli m'Chichewa cha m'manyuzipepala limamasuliridwa kuti -a boma kapena -a anthu onse. Loyamba silikukhudzana ndi nkhani yathu. Lachiwiri likuyandikira, koma likubwezeretsa maganizo a wophunzira kwa anthu, pamene amene akuloledwa kapena kuletsedwa ndi mizere ya pulogalamu. Ndiponso -a anthu onse limamveka ngati ali yense angachite nacho chimene afuna, pamene dzina la mu (11) ndi public koma palibe angalisinthe.

6.0 MAU AMENE TIKUPEREKA

Chichewa chimasiyanitsa malo m'galamala wake weniweni. Mphatikiri mu- amanena za malo ozingidwa, monga m'nyumba ndi m'bwato. Pa- amanena za malo ooneka kapena okhudzika, monga pabwalo ndi padoko. Ku- amanena za dera kapena kumene chinthu chikulowera. Mwana wa Chichewa amadziwa kusiyana kwa m'nyumba ndi pabwalo asanapite kusukulu. Pomanga pa maziko amenewa tikupereka mau awa:

private: -a m'kati
protected: -a pachibale
public: -a poyera
val: -okhazikika
var: -osinthika

Mau amenewa tawayesa m'njira zitatu. Poyamba, amatenga agwirizanitsi a magulu onse popanda vuto: mpata wa m'kati, mipata ya poyera, dzina la pachibale, muumbi wa m'kati. Kachiwiri, amalumikizana monga momwe zizindikiro za pulogalamu zimalumikizirana, kotero kuti mzere woyamba wa (11) ungawerengedwe m'chiganizo chimodzi: chikombole cha Bwato chiri ndi dzina lokhazikika la poyera ndi ngongole yosinthika ya m'kati. Kachitatu, amasanjika okha kuyambira potsekeka kufikira potsekuka. Palibe Mchewa amene angakaike kuti nkhani ya pachibale imamveka kwa ambiri kuposa ya m'kati, ndi kwa ochepa kuposa ya poyera. Kusokonezeka kumene protected amabweretsa m'Chingerezi sikungachitike pano.

Tinaganizirapo liu lakuti mbumba m'malo mwa pachibale, koma talisiya. Mbumba ya Achewa imawerengedwa kudzera kwa amai, pamene ku Chitimba ndi madera ambiri a kumpoto mtundu umatsata abambo. Liu la m'buku la sukulu lisakakamize wophunzira kutsata mwambo wa dera lina asanamvetse phunziro.

Apa tafika pa chifukwa chachiwiri chosankhira Chitimba. Chitumbuka chiri ndi magulu omwewa a pa-, ku- ndi mu-, ndipo chiri ndi mau monga mukati ndi pakweru, amene akuyenda njira imodzi ndi m'kati ndi poyera. Mphunzitsi wa kumeneko angathe kutembenuza dongosolo lonse popanda kuyambanso. Kusankha mau enieni a Chitumbuka ndi udindo wa eni chinenerocho. Tikukumbukira kuti m'chaka cha 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chinabwerera pa wailesi m'chaka cha 1994. Ntchito yokonza mau a sayansi isabwereze njira imeneyo.

Sitikupempha kuti mau a m'pulogalamu mwenimwenimo asinthidwe. Wophunzira adzalembabe private ndi val, monga momwe wophunzira sayansi amalembera zizindikiro za mpweya ndi zitsulo zimene dziko lonse limagwiritsa ntchito. Mau athu ndi a pakamwa pa mphunzitsi ndi a m'buku lofotokozera. Maina a zikombole ndi a mipata ndiwo angalembedwe m'chinenero chathu, monga tachitira m'zitsanzo zonse. Chilembo cha ŵ chimaloledwa m'maina otere mu Scala, mu Java ndi mu Python 3, kotero kuti liu la Chitumbuka lakuti ŵalovi, ndiko kuti asodzi, lingakhale dzina la mpata. Chizindikiro chodulira cha m'mau monga m'kati ndicho chimakanidwa m'maina wamba, ndipo wolemba ayenera kulemba mkati kapena mukati.

7.0 MAU OTSIRIZA

Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, linaika mtima kwambiri pa malamulo a kalembedwe. Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, imene inalowa m'malo mwake m'chaka cha 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Mau a ntchito zamakono akufuna njira yoonjezera pa ziwirizi: wokonza mau ayambe wamvetsa m'mene chinthucho chimagwirira ntchito, ndipo pambuyo pake afunefune liu. Maphunziro a kompyuta m'Malaŵi amaperekedwa m'Chingerezi, koma mphunzitsi akaona kuti ophunzira sakumva amatembenukira ku chinenero cha kwao, ndipo liu loyamba limene limabwera pakamwa pake ndilo limakhazikika. Likakhala chinsinsi kapena chotetezedwa, kulizula pambuyo pake kudzakhala kovuta.

M'pepala lino taonetsa kuti pampata wa muumbi pali mafunso atatu osiyana, la kuona, la kusintha ndi la kuumba. Kuti zinenero za kompyuta zimayankha mafunsowa mosiyana, makamaka pamene wolemba sanaike chizindikiro. Ndi kuti mau a malo a Chichewa amafotokoza mayankhowo molondola kuposa mau a dikishonale. Tikupempha aphunzitsi a kompyuta kuti ayese mau asanu ndi anai amene tapereka, ndiwo chikombole, choumbidwa, muumbi, mpata, -a m'kati, -a pachibale, -a poyera, -okhazikika ndi -osinthika, pamodzi ndi choikamo limene likuyenda ndi mpata. Muyeso wake ukhale wapafupi: wophunzira apatsidwe chikombole (8), afunsidwe m'chinenero chake chimene chingachitikire ngongole ya Tiyezge, ndipo akonze mzerewo yekha. Liu limene silimuthandiza kufika pa (11) lichotsedwe, lina lifunidwe.